Jaji naye ali ndi mimba

Tsiku lina ndili mu minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Blantyre, pa wailesi padamveka nkhani ya malipiro a majaji. Bambo wina amene adakhala pambali panga, chikwama cha mapepala chili pamiyendo, adapukusa mutu n'kunena kuti, "Anthu amenewa akufunanso chiyani? Si akudya kale bwino awa?" Minibasi yonse idavomereza, mpaka kondakitala adaikapo mlomo. Ine ndidangoti duu, poti kutsutsana ndi anthu 15 m'galimoto yothithikana si nzeru. Koma funso la bambowo lidanditsata mpaka kunyumba.

Yankho limene ndikadawapatsa ndi lalitali, ndipo silikuyambira kuno. Likuyambira ku England, kumene kudachokera malamulo ambiri amene makhothi athu amatsata, pamodzi ndi mikanjo ndi mawigi omwe. Kumeneko kudali gulu la oweruza otchedwa majaji a County Court, amene kuchokera mu 1847 mpaka mu 1971 ankaweruza timilandu ta ngongole ta anthu wamba. Nkhani ya malipiro awo ndiyo ndikufuna ndikufotokozereni, makamaka ndime imodzi ya m'lamulo la 1852 imene idaletsa boma kulipira jaji ndalama zochepera pa mlingo wina wake.

Tiyambe ndi majaji akuluakulu, poti iwo ndiwo adayamba kutetezedwa. Kale mfumu ya England inkalemba ndi kuchotsa jaji monga momwe munthu amachitira ndi wantchito wa m'nyumba. Mu 1616 Mfumu James I idachotsa Edward Coke, mkulu wa majaji, chifukwa chouma khosi, ndipo James II naye adachotsa majaji angapo amene ankakana zofuna zake. Nyumba ya Malamulo itatopa nazo idakhazikitsa Act of Settlement mu 1701. Lamuloli lidati jaji azikhala pa mpando malinga ngati khalidwe lake lili bwino, kuti kumuchotsa pafunika pempho la nyumba zonse ziwiri za malamulo, ndiponso kuti malipiro ake akhale odziwika ndi okhazikika. Onani kuti mpando ndi malipiro adazimanga mtolo umodzi. Ankadziwa kuti ngati sungathe kumuchotsa munthu, ungathe kumukhaulitsa ndi njala mpaka achoke yekha, kapena ayambe kumvera. A ku America podzichotsa mu ulamuliro wa Angerezi mu 1776 adatchula dandaulo lomweli, loti mfumu idagwira m'manja mwake mipando ndi malipiro a majaji awo, n'chifukwa chake malamulo oyendetsera dziko lawo amaletsa kuchepetsa malipiro a jaji ali pa mpando.

Koma zonsezi zidali za akuluakulu a ku Westminster. Munthu wamba amene adakongoza mnzake mapaundi 5 adali pa mavuto, chifukwa kukasuma ku London ndalama za maloya zinkaposa ngongole imene akulondolayo. M'matauni ena mudali timabwalo totchedwa Courts of Requests, tambiri mwa ito toweruza ngongole zosapitirira masheleni 40, ndipo oweruza ake adali amalonda a m'tauni momwemo, osaphunzira malamulo. Wagolosale ankaweruza mlandu wa wagolosale mnzake ndi kasitomala wolephera kubweza. Inu mukuganiza kuti ankapambana ndani?

Henry Brougham, loya wa pakamwa potentha amene adakhala Lord Chancellor kuchokera mu 1830, adayesa kukhazikitsa makhothi aang'ono m'dziko lonse, koma bilu yake idagwa mu House of Lords mu 1833. Zidatheka mu 1846, pamene lamulo la County Courts lidavomerezedwa, ndipo makhothiwo adatsegulidwa mu Malichi 1847. Dzina lakelo ndi losokeretsa, chifukwa malire a makhothiwa sankatsata malire a zigawo zimene Angerezi amati county. Dziko lidagawidwa m'makhothi pafupifupi 500, majaji 60, aliyense ndi dera lake loyendera, lero tauni iyi mawa tauni inayo. Jaji ankasankhidwa ndi Lord Chancellor pakati pa maloya amene agwira ntchito zaka 7, ndipo ankaweruza ngongole zosapitirira mapaundi 20. Mu 1850 malirewo adakwera kufika pa mapaundi 50.

Nanga malipiro? Apa ndi pamene padayambira nkhani. Poyamba majajiwa adalibe malipiro ochokera ku boma. Ankadya ndalama zimene anthu amalipira ku khothi potenga chisamani ndi pomvetsera mlandu. Milandu ikachuluka, jaji wakhuta. Milandu ikachepa, jaji wagwa nayo. Wa m'tauni yodzaza mafakitale ankakolola, pamene mnzake woyendera midzi ya alimi, amene ankathera tsiku lonse pa msewu, ankatola zochepa.

Kusiyana kumeneko ndi vuto laling'ono. Lalikulu ndi ili: ndani amene ankabweretsa milandu ku khothi? Si mmphawi ayi. Ankabweretsa ndi eni masitolo, madokotala olondola ndalama zawo, ndiponso amalonda oyenda khomo ndi khomo kugulitsa nsalu pa ngongole kwa akazi a anthu ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale, amene ankabwera ndi zisamani mulu pa tsiku limodzi. Amenewa ndiwo adali makasitomala a khothi. Jaji wodziwika kuti amamvera chisoni okongola akadathamangitsa makasitomala ake, ndipo mphika wake womwe ukadaphwa. Sindikunena kuti majaji a 1847 ankapotoza milandu. Ndikunena kuti lamulo lidamangirira mbuzi pafupi ndi chimanga, ndipo tonse tikudziwa kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Musaiwalenso kuti jaji ameneyu adali ndi mphamvu yotsekera wolephera kulipira m'ndende mpaka masiku 40.

Ndipatuke pang'ono, poti a ku America adaona kumene njira yotereyi imathera. M'nthawi imene mowa udali woletsedwa m'dziko lawo, meya wa kamudzi ka North College Hill ku Ohio ankaweruza milandu ya mowa, ndipo ankalandira madola 12 pokhapokha woimbidwa mlandu akapezeka wolakwa. Munthu wina dzina lake Ed Tumey adalamulidwa kulipira madola 100, nachita apilo mpaka ku khothi lalikulu la dzikolo. Mu 1927 khothilo, m'chigamulo cholembedwa ndi William Howard Taft, lidafafaniza chilangocho, ponena kuti munthu sangaweruzidwe mwachilungamo ndi woweruza amene thumba lake likudikira kuti iye agwe. Madola 12 okha, koma adakwanira kuipitsa mlandu wonse.

Ku England sadadikire nthawi yaitali chotero. Lamulo la 1846 lidasiya khomo lotsegula kuti boma likafuna lisinthe, lizitenga ndalama za khothizo n'kumalipira jaji malipiro osapitirira mapaundi 1,200 pa chaka. Mu 1848 boma lidachitadi zimenezo, koma lidapereka mapaundi 1,000. Apa pali phunziro la momwe a zachuma amawerengera malamulo. Ukawauza kuti "osapitirira apa", iwo amamva kuti "chilichonse cha pansi pa apa". Lamulo lidaika denga koma lidaiwala kuika pansi popondapo.

Padalinso chinthu china. Majaji oyambawo ankaloledwa kupitiriza ntchito ya uloya kunja kwa madera awo. Munthu mmodzi, Lolemba wavala za ujaji, Lachinayi waima pamaso pa jaji wina kumenyera kasitomala wake. Mapanga awiri avumbwitsa. Loya amene wamuweruza lero ndi yemweyo ungadzafune kuti akupatse ntchito mawa.

Lamulo la 1852 lidakonza zonse ziwiri pakamodzi, ndipo kwa ine limeneli ndilo phata la mbiri yonseyi. Lidaletsa majaji a County Court kugwiranso ntchito ya uloya. Ndipo poti lidawatsekera munda winawo, lidati malipiro a jaji asapitirire mapaundi 1,500, komanso pasapezeke jaji wolandira zochepera mapaundi 1,200. Nambala imene mu 1846 idali denga, mu 1852 idasanduka pansi.

Achikulire amene adagwirapo paundi ndi sheleni kwacha isadabwere mu 1971 angafune kudziwa kulemera kwa ndalamazi. M'zaka zimenezo wantchito wa pa famu ku England ankalandira pafupifupi masheleni 10 pa sabata, kapena tinene mapaundi 26 pa chaka. Kuti apeze zimene jaji wotsikitsitsa ankalandira m'chaka chimodzi, akadagwira khasu zaka 46 osadya kanthu. Bambo wa mu minibasi uja akadakhalapo akadafuula, ndipo sindikadamutsutsa msanga. Koma tayang'anani mbali inayo: jaji wa khothi lalikulu ku Westminster ankalandira mapaundi 5,000, ndipo loya wotchuka ankapeza zoposa pamenepo. Amene ankaika malire a pansiwo sankayerekeza jaji ndi mlimi. Ankadzifunsa kuti, ndi ndalama zingati zimene zingachititse loya wodziwa ntchito kusiya London n'kupita kukamvetsera za ngongole ya nsapato ku tauni ya utsi? Ngakhale pa mtengo umenewo, anthu ankanong'ona kuti mipandoyi imagwera maloya amene zinthu sizidawayendere, kapena odziwana ndi Lord Chancellor.

Malire a pansi amateteza jaji ku zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri timangoona chimodzi. Choyamba ndi njala, imene imatsegulira khomo ziphuphu. Pa ichi ine sindikhulupirira kwambiri, chifukwa taona anthu olandira bwino akulandirabe za m'seri, ndipo taona ena osauka akukana. Chachiwiri ndicho chenicheni: amateteza jaji kwa amene amamulipira. Boma nalo limakhala ndi milandu m'khothi, limakhala ndi abwenzi ndi adani. Ngati nduna ili ndi mphamvu yotsitsa malipiro a jaji amene waikhumudwitsa, sifunikanso kumuimbira foni usiku. Jaji amadziwa yekha.

Pamenepa ndi pamene lamulo la 1852 lidapunthwa. Pakati pa 1,200 ndi 1,500 padatsala mapaundi 300, ndipo oti asankhe wolandira zingati adali a ku Treasury, kumene kumasungidwa chuma cha boma. Mwachizolowezi chawo, majaji ambiri adawasiya pansi penipeni, ochepa okha n'kuwakweza potengera kuchuluka kwa milandu. Ndiye taganizani jaji amene akudziwa kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake likhoza kuwonjezedwa ngati akuluakulu a boma akondwa naye, ndipo njira yowakondweretsa ndi kuthamangitsa milandu yambiri pa tsiku. Chingwe chimene adachidula ku dzanja la amalonda adachipereka ku dzanja la boma. Mu 1856 Nyumba ya Malamulo idatseka mpatawo poika mapaundi 1,200 kwa onse, kupatula amene adali atakwezedwa kale. Kufanana kudabwera, koma kudabwerera pansi. Mu 1865, pamene makhothiwa adapatsidwa milandu ina yolemera ya katundu ndi chuma chamasiye, majaji onse adafika pa mapaundi 1,500, ndipo lamulo la 1888 lidabwereza nambala yomweyo, yolipidwa kuchokera ku Consolidated Fund, thumba limene aphungu savotera chaka ndi chaka. Kathumba kameneka musakaiwale, tikumananso nako.

Malipiro adatetezedwa, koma mpando sudatetezedwe ngati wa akuluakulu aja. Jaji wa County Court ankatha kuchotsedwa ndi nduna imene idamusankha, chifukwa cholephera ntchito kapena khalidwe loipa, popanda kudzera ku Nyumba ya Malamulo. Anzanga a nyuzipepala angakonde nkhani ya William Ramshay, jaji wa ku Liverpool, amene adapsa mtima ndi zimene nyuzipepala ya Liverpool Journal inkalemba za iye, nalamula kuti mkonzi wake, Michael James Whitty, agwidwe ndi kubwera naye pamaso pake. Mu 1851 amene adachoka pa ntchito ndi jajiyo. Pa nkhani imeneyo mphamvu yochotsa idagwira ntchito yabwino, koma mpeni womwewo ukadatha kucheka wosalakwa.

Tsopano tifike pa chimene chimandisangalatsa ndi kundimvetsa chisoni nthawi imodzi. Mapaundi 1,500 a mu 1865 adakhala m'buku la malamulo osasuntha mpaka 1937. Zaka 72! Pakati ponsepo Nyumba ya Malamulo inkangosenzetsa makhothiwa katundu. Mu 1880 adalandira milandu ya antchito ovulala pa ntchito, mu 1897 lamulo la chipukuta misozi cha antchito lidawagweranso iwo, mu 1903 malire a ngongole adafika pa mapaundi 100, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabweretsa malamulo a lendi, mikangano ya eni nyumba ndi alendi idathera komweko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 zisamani zinkapitirira miliyoni imodzi pa chaka. Chimene boma lidapereka mosavuta ndi ulemu: mu 1884 majajiwa adapatsidwa dzina loti "His Honour". Ulemu sulowa mu bajeti, ndiye sadavutike nawo.

Ntchitoyo sidalinso yopanda zoopsa. Edward Parry, jaji wa ku Manchester kuchokera mu 1894, adaomberedwa ndi mfuti m'khothi mwake mu 1898 ndi munthu wolanda katundu wa okongola, amene kuno tingati sherifu, chifukwa adamulanda chiphaso cha ntchito. Parry adapulumuka, nabwerera pa mpando, ndipo adatha zaka zambiri akulemba zotsutsa mchitidwe wotsekera amphawi m'ndende chifukwa cha ngongole. Wina amene adakhalapo pa mipando imeneyi ndi Thomas Hughes, mlembi wa buku la Tom Brown's School Days, amene adakhala jaji ku Chester kuchokera mu 1882. Choncho si onse amene adali zotsalira za ku London.

M'zaka za m'ma 1800 kusasuntha kwa nambalayo sikudapweteke kwenikweni, poti mitengo ya zinthu sinkakwera, mwinanso inkatsika. Nkhondo ya 1914 ndiyo idasintha zonse. Pofika 1920 mitengo idali itakwera kuposa kawiri, msonkho nawo utakwera. Palibe nduna imene idatsitsa malipiro a jaji, palibe lamulo lidaphwanyidwa, koma nambala ya m'bukuyo idali itadyedwa ndi chiswe. Pansi popondapo paja padali pakumira pang'onopang'ono jaji ali chiimire.

Kenaka mu 1931 boma lidachita poyera chimene Act of Settlement idafuna kuletsa. Chuma chitavuta, boma la Ramsay MacDonald lidakhazikitsa National Economy Act n'kudula malipiro a ogwira ntchito za boma, ndipo majaji a High Court adadulidwa 20 peresenti. Iwo adalembera nduna yaikulu kalata mu Disembala chaka chomwecho, kunena kuti sali antchito a boma ngati makalaliki, ndipo kuti ngati malipiro awo angathe kudulidwa chotere ndiye kuti ufulu wawo wagwedezeka. Anthu ambiri sadawamvere chisoni, poti nthawi imeneyo malova adali mamiliyoni, ndipo ndalama zothandizira malovawo zidadulidwanso. Malipirowo adabwezeredwa mu 1934 ndi 1935. Apa ine mtima wanga uli pawiri. Majaji adali ndi mfundo yoona, koma kuinena pamaso pa munthu wogona ndi njala kumafuna nkhope yolimba.

Mu 1937 majaji a County Court adafika pa mapaundi 2,000. Akuluakulu aja mapaundi awo 5,000, amene adaikidwa mu 1832, adasuntha mu 1954. Lamulo la makhothi la 1971 lidathetsa udindo wa jaji wa County Court, onse n'kusanduka ma Circuit Judge kuyambira pa 1 Januwale 1972, ndipo mu 2014 timakhothi tambirimbiri tija tidaphatikizidwa kukhala County Court imodzi ya England ndi Wales.

Ena adayesa kuthawa chiswe chija mwa njira ina. Ku Texas, kumene malipiro a jaji wa khothi la county amaikidwa ndi akuluakulu a county yomweyo, lamulo silidalembe nambala. Lidamangirira malire a pansi ku malipiro a jaji wa khothi lokulirapo, la district, kuti kusiyana kwawo kusapitirire madola 1,000 pa chaka. Wamkulu akakwera, wamng'ono akwera naye, ndipo andale a m'deralo sangathe kufinya jaji amene wawagamula molakwira zofuna zawo.

Kuno kwathu amene adalemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 adaoneka kuti mbiri imeneyi ankaidziwa. Ndime 114 ikuti malipiro a oweruza aziikidwa ndi Nyumba ya Malamulo, asachepetsedwe munthu ali pa mpando popanda chilolezo chake, azichokera ku Consolidated Fund, kathumba kaja, ndiponso azikwezedwa nthawi ndi nthawi kuti mphamvu yake yogulira zinthu isatsike. Mfundo yomalizayi Angerezi a 1852 adalibe, ndipo ikadakhalapo zaka 72 zija sizikadatheka. M'dziko limene kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, mfundo imeneyi ndi yolemera kwambiri, ndipo ndi yovuta kuisunga. Mu 2012 makhothi athu adatsekedwa kwa miyezi yoposa iwiri chifukwa cha sitalaka ya malipiro imene idayamba ndi ogwira ntchito m'makhothi. Amene adaimva kuwawa kwambiri ndi anthu amene adali m'zitokosi za apolisi ndi pa limandi, kudikira tsiku loonekera pamaso pa woweruza, komanso amayi olondola ndalama za chisamaliro cha ana. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma woudikira ali m'chitokosi amaonda.

Bambo wa mu minibasi uja adatsikira pa Chichiri. Ndidamuona pa windo akuoloka msewu kulowera cha ku High Court, chikwama chake cha mapepala chili m'khwapa.